Nkhanza kwa Amayi Olowa m'Banja ndi Ana

Kuno ku Lupembe tili ndi amayi ambiri amene analowa m'banja ali ndi mwana kale. Ena amuna awo anamwalira, ena banja linatha, ena anawapatsa mimba ali pa sukulu mnyamata n'kuthawa. Malowolo akakhala kuti sanaperekedwe, kawirikawiri mwana amatsala ndi mayi ake, ndipo mayi akakwatiwanso amapita naye.

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse amene anakhalapo pa banja anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo. Koma chiopsezo sichifanana. M'chaka cha 1993 Martin Daly, Margo Wilson ndi mnzawo anaona kuti ku Hamilton, m'dziko la Canada, amayi okhala ndi ana a mwamuna wina ndiwo ankathawira ku nyumba yobisalako nkhanza kuposa anzawo.

Chifukwa chake nchiyani? Bambo wansanje akaona mwana wopeza amakumbukira mwamuna woyamba. Bambo wa mwanayo akatumiza sopo kapena yunifolomu, pakhomo pamabuka mlandu wa chibwenzi. Ndalama za mpunga kapena za usipa zikachepa, woyamba kumanidwa ndi mwana yemweyo, ndipo mayi akalankhulapo amamenyedwa. Mayiyo amakhala chete poopa kuti anthu adzati banja lachiwiri lamulepheranso. Ife ankhoswe ndi a mphakati timaonjezera vuto tikamangoti, "Pirirani, anakuchitirani chifundo pokutengani ndi mwana." Kukwatira mayi wa mwana si ngongole yobweza ndi zibakera.

Tisadikire magazi. Tikaona mwana akudyera payekha, akugona m'khitchini, kapena mayi akuumirizidwa kukamusiya kwa agogo, tidziwe kuti mayiyonso ali pa ngozi.

Ndime 23 ya Malamulo oyendetsera dziko lino imati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, posayang'ana m'mene anabadwira. Lamulo loteteza ana la 2010 limalamula bambo wobereka kusamalira mwana wake, choncho thandizo lake si umboni wa chibwenzi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola mayi kupempha khoti la majisitireti kuti liletse mwamuna kumumenya kapena kumuopseza. Mayi wovulazidwa apite msanga ku chipatala ndi ku ofesi ya Victim Support Unit ku polisi ya Karonga. Wa mphakati mmodzi amuperekeze, wina atsale ndi ana.