Ng'oma Ikang'ambika, Yang'anani Kukhitchini

Pa tchuthi chapitachi ndinapeza kwaya ya kwathu kwa Ngokwe ili pa mavuto. Makoswe anali atadya chikopa cha ng'oma yaikulu ya m'tchalitchi, pomwe Khirisimasi inali itatsala masabata awiri okha. Chikopa cha ng'ombe sichipezeka wamba, ndiponso m'nyengo ya mvula chimachedwa kuuma. Bambo Mfumu amafika kwathu mwa apo ndi apo, tsono Misa ya tsikulo sinali yoti n'kuimba mozizira. Tinapulumukira ku ziwiya za m'nyumba. Aseminale anzanga, ambiri a ife tidzatumikira m'matchalitchi a kumudzi otere, n'chifukwa chake ndati ndikufotokozereni m'mene tinachitira.

M'malo mwa ng'oma tinatenga chigubu cha malita 20 chotungira madzi. Chikhale chopanda kanthu, chivundikiro muchotse, ndipo muchipane ndi maondo. Mukamenya pakati ndi chikhatho chimatulutsa liwu lalikulu, mukamenya m'mphepete ndi nsonga za zala liwu limachepa. Chinsinsi chake ndi mpweya uli m'katimo: chiwiya chikakula, liwu lake limatsika. Chigubu chong'aluka musataye nacho nthawi. Ndowa yachitsulo tinaiyesa koma inasokosa mpaka kukwirira oimba.

Maseche ndiwo anandiphunzitsa zambiri. Ine ndinkaganiza kuti chitini chilichonse ndi njere zilizonse basi zatheka. Ayi ndithu. Mpunga, umene anthu amalima m'madambo a kufupi ndi nyanja ya Chiuta, umalira mofewa, woyenera nyimbo za pa Komunyo. Chimanga ndi nandolo zimamveka patali. Timiyala timalasa m'makutu, koma anankafumbwe satidya, pomwe maseche a chimanga pakatha miyezi mudzapeza muli ufa wokhawokha. Musadzaze chitini. Njere zingophimba pansi, chifukwa zikapanda malo odumphira sizilira. Ana ena anaphwanthaza zitsekerero za mabotolo, n'kuziboola ndi msomali, n'kuzitunga pa waya. Zimenezi zinamveka bwino kuposa zonse.

Chotsogolera gulu lonse chinali khasu lakutha lopanda mpini. Mulimange ndi chingwe lilendewere, kenaka muzimenya ndi msomali waukulu. Mukaligwira ndi dzanja liwu limafa. Botolo nalo limathandiza: mukaligogoda ndi supuni, madzi akachuluka m'katimo liwu limatsika, koma mukaliuzira pakamwa zimatembenuka, liwu limakwera. Yesani nokha muone.

Vuto lalikulu silinali zida koma ife eni. Tsiku loyamba aliyense ankamenya nthawi imodzi, ndipo linali phokoso ngati lothamangitsa anyani m'munda. Amene anatikonza ndi amayi ena a m'kwaya. Anatiuza kuti tikaonerere pamtondo. Akazi awiri akamasinja mtondo umodzi, musi wina ukamatsika wina umakhala ukukwera, ndipo sagundana. Ifenso tinatero: khasu lisunge nthawi osasintha, chigubu chiyankhe m'mipata, maseche adzaze pang'onopang'ono.

Panali agogo ena amene anadandaula kuti chigubu cha pamjigo n'chosayenera m'nyumba ya Mulungu. Sindiwanyoza, pakuti iwo anakula akumva kuti kale ngakhale ng'oma yeniyeniyo sinkaloledwa pa Misa. Koma Msonkhano wa Vatican Wachiwiri, m'chikalata chake cha za Liturjiya cha mu 1963, unanena kuti maimbidwe a makolo a anthu a m'maiko a mishoni apatsidwe ulemu ndi malo ake pa chipembedzo. Ine ndikuona kuti chofunika n'chakuti chidacho chithandize anthu kupemphera, osati kuwaseketsa. Kumbukiraninso kuti Alleluya Band ya ku Balaka, imene inayamba mu 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, anyamata ake anayambira pa zida zopanga okha. A Madalitso Band nawo afika mpaka ku Ulaya ndi babatoni wawo wa chingwe chimodzi wokhoma pamanja.

Chenjezo limodzi: pemphani kaye eni ziwiya. Chigubu chathu chinali cha mayi anga, ndipo chinabwerera kunyumba chikudontha pakona. Madzi a sabata yonse yotsatira ndinatunga ndine, pa ndowa.