Kiyibodi pa kabaza: Lachisanu masana kwa Kuntumanji

Amayi anzanga, Lamulungu likubwerali mukayang'ane amene wakhala pa kiyibodi m'tchalitchi mwanu. Kawirikawiri amakhala mnyamata mmodzi yemweyo, ndipo akangopita ku Joni kapena kunyanja, kwaya imatsala ndi ng'oma ndi zisekese basi. Atsikana oyimba kiyibodi m'maparishi athu akumudzi ngowerengeka.

Ine ntchito yanga ndi unamwino ndi uzamba, ndipo ndimaphunzitsa anamwino a mawa. Koma ndili mtsikana, asisitere anandiphunzitsa limba lopopa ndi mapazi lija, ndipo zala sizinaiwale. Kwa zaka ziwiri tsopano, Lachisanu masana ndimapita pasukulu ina ya pulayimale kwa Kuntumanji, kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa. Kiyibodi timayikulunga m'chitenje n'kuyimangirira pa kabaza. Fumbi ndiye mdani wake wamkulu, kuposa ana.

Kiyibodi yathu ili ndi makiyi 61. Mwana akaiona koyamba amachita nayo mantha, koma ikangofotokozedwa imaphweka. Makiyi akuda amakhala awiri, kenako atatu, awiri, atatu, mpaka kumapeto. Kiyi yoyera imene ili kumanzere kwa awiri akuda aja ndiye poyambira, pamenepo timapatcha do. Ana athu amadziwa kale do, re, mi chifukwa cha kwaya ndi Tilitonse, choncho khutu limakhala lidaphunzira kale. Chotsala ndi zala. Chala chilichonse chili ndi nambala yake, chachikulu ndi 1, chaching'ono ndi 5, ndipo chachinayi ndicho chaulesi kwa aliyense, ngakhale kwa ine.

Nanga ana 20 pa kiyibodi imodzi? Tinapempha makatoni kwa ogulitsa m'magolosale, aliyense n'kujambula makiyi ake ndi makala. Mmodzi akamayimba pa yeniyeni, anzake amatsatira pa katoni uku akutchula mawu pakamwa. Pasukulupa palibe magetsi. Mabatire 6 sachedwa kutha, ndiye tinabwereka batire ya sola kwa aphunzitsi ena. Aphunzitsi a Expressive Arts amakhala nafe, kuti mkati mwa sabata azikumbutsa anawo.

Diso la namwino silipita kutchuthi. Panali mnyamata wina wa Sitandade 5 amene ankangotembenuzira mutu mbali imodzi, ndipo anzake ankamuseka kuti ngwogona. Nditamuyang'ana, khutu lakumanja linkatuluka mafinya, ndipo mayi ake anati papita miyezi. Kunyumba ankamuthira madzi a masamba. Amayi, chonde, m'khutu musathiremo mafuta, madzi a zitsamba, kapena kutokosamo ndi kamtengo ka machesi. Pukutani mafinya ndi kansalu koyera kopota ngati chingwe cha nyali, muletse mwanayo kusambira, ndipo mupite naye kuchipatala. Khutu lotuluka mafinya nthawi yaitali limagontha, ndipo mwana wosamva bwino amabwereza kalasi popanda wodziwa chifukwa chake. Mnyamata uja analandira mankhwala. Sanachiriretu, koma tsopano amakhala kutsogolo.

Enanso amapempha kutuluka kawirikawiri, ndipo ukawafunsa mwakachetechete amakuuza kuti mkodzo uli ndi magazi. Limeneli ndi likodzo, si chizindikiro cha kukula ayi, ndipo mankhwala ake alipo.

Inu mukuidziwa Chilwa kuposa ine. Inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018, ndipo madzi akabwerera, matemba ndi milamba zimaitana. Anyamata amatha masabata ali m'zimbowera, atsikana amatumidwa kukayanika nsomba kapena kukapirikitsa mbalame m'minda ya mpunga. Sindikunamizani kuti kiyibodi ingagonjetse njala. Ana atatu amene ndinayamba nawo anasiya sukulu, mmodzi mwa iwo mtsikana wa zala zofewa kwambiri, ndipo ndinadzakumana naye pa sikelo ya amayi oyembekezera. Malamulo a dziko lino, chiyambire 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, koma iye anali ndi zaka 15.

Ahedi anaika lamulo loti woyimba Lachisanu akhale amene wabwera kusukulu sabata yonse. Lathandiza ndithu, kujomba kwachepa m'gululi. Komabe mtima wanga sunakhazikike nalo, pakuti nthawi zambiri wojombetsa mwana ndi kholo, wolangidwa n'kukhala mwanayo.

Tsono ngati gulu lanu likufuna kuitana mphunzitsi wotere, kaya woyimba wa paparishi, kaya wophunzira nyimbo wa ku Yunivesite ya Malawi muno mu Zomba, pali chinthu chimodzi chimene musanyengerere. Mlendo asakhale yekha ndi ana. Pophunzitsa kiyibodi munthu amakhala pafupi ndi mwana, amamugwira dzanja pomuwongolera zala. Ambiri ndi anthu abwino, koma ife azamba timaona zimene zimachitika pamene aliyense anangokhulupirira. Amayi awiri azikhalapo mosinthana, chitseko chikhale chotsekula, phunziro lizitha dzuwa lisanapendeke kwambiri, ndipo pasakhale zoti mwana apite kunyumba kwa mphunzitsi kukawonjezera maphunziro. Lamulo limeneli likhudze aliyense, ngakhale ine ndemwe. Mwana akakuuzani zokayikitsa, mumvereni, mudziwitse ahedi ndi bambo mfumu, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere.

Posankha ana, onetsetsani kuti theka akhale atsikana, chifukwa mukangoti ofuna abwere, anyamata amathamanga n'kudzaza benchi. Ndipo ngati mphakati ungathe kusonkha ufa wa phala, chitani; mwana amene sanadye kuyambira m'mawa zala zimamunjenjemera.

Pa 22 Novembala, tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oyimba, atsikana awiri a gululi adzayimba nyimbo ya zopereka kutchalitchi chawo chaching'ono, wina dzanja lamanja, wina lamanzere, pa kiyibodi imodzi. Amalakwitsabe pa mzere wachitatu, ndipo tatsala ndi masabata anayi okonzekera.