Kulemba buku m'masiku 30

Abale anga a ku Bundabunda, mukudziwa zimene zimachitika mvula yobzalira ikagwa usiku. Kukacha palibe wokhala pakhonde. Wina akukumba mapando, wina akuponya mbewu, mwana akukwirira ndi phazi. Palibe wobwerera m'mbuyo kukaona ngati mzere wawongoka, chifukwa chinyezi sichidikira munthu.

Mpikisano wolemba buku m'mwezi umodzi umayenda chimodzimodzi. Anauyambitsa ndi Chris Baty m'dera la San Francisco, m'dziko la America, mu Julayi 1999, ali anthu 21 okha, ndipo unatchuka ndi dzina loti NaNoWriMo. Lamulo lake linali lakuti mulembe mawu 50,000 m'masiku 30, ndiye kuti mawu 1,667 tsiku lililonse. Panalibe woweruza wowerenga nkhaniyo. Aliyense wofika pachiwerengerocho ankapambana.

Mwina mukuti, kulemba kothamanga chonchi kungasule mlembi? Taganizani za munthu amene waponya mbewu m'mapando atatu, n'kukhala pansi kudikira kuti zimere kaye aone ngati zili bwino. Anzake pomadzapalira, iye adakali pamzere woyamba. Alembi ambiri ongoyamba kumene ndi otero: mutu woyamba amaulemba kakhumi, wachiwiri osaufika. Koma tsiku lomalizira likaikidwa, dzanja limangopita kutsogolo. Mukafika patsamba 40 n'kupeza kuti mayi amene munamupha m'mutu wachitatu akusinja kumtondo ali bwinobwino, mumangoika kachizindikiro m'mphepete mwa tsamba n'kupitiriza. Luso loyendetsa nkhani yaitali limaphunziridwa pakati pa buku, pamene chidwi cha poyamba chazilala, ndipo wosafikapo saliphunzira.

Komatu kubzala si kukolola. Mwezi ukatha, zimene muli nazo ndi mmera wosakanikirana ndi udzu. Pamafunika kupalira, kupatulira pamene mawu athinana, ndi kupakiza pamene nkhani ili ndi mipata. Ntchito imeneyi ndiyo yaitali, ndipo ambiri amathawira pomwepa. Koma opirira amakolola: buku la Sara Gruen lotchedwa Water for Elephants, lomwe linatuluka mu 2006, linayambira pampikisanowu. M'chinenero chathunso mpikisano wina unatipatsapo buku: Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara, linapambana mphotho mu 1933.

Bungwe la NaNoWriMo linatsekedwa mu 2025, koma simufunika chilolezo cha munthu kuti muyese. Chimodzi chokha musatengere. Mu 2000 anasamutsira mpikisanowu ku Novembala, poti kwawo nyengo imakhala yoipa ndipo anthu amabindikira m'nyumba. Kuno ku Chongwe Novembala ndi mwezi wa khasu, ndipo wobwera kumunda thupi lili lefu sangalembe mawu 1,667. Sankhani Julayi, chimanga chitalowa m'matumba. Gulani makope, pezani mnzanu mmodzi kapena awiri, ndipo madzulo aliwonse muziuzana pafoni mawu amene mwalemba tsikulo.