Kupweteka kwa M'mimba Kumene Sikuli Kolera

M'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kuyambira pa doko la Kachulu kufikira ku chilumba cha Chisi, munthu akayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba anthu amaganizira kolera. Palibe angaŵadzudzule, pakuti nthendayi yazunza asodzi a m'zimbowera kwa zaka zambiri. Koma ilipo nthenda ina, yosaoneka kaŵirikaŵiri, imene imayamba chimodzimodzi koma madzi a mchere ndi shuga sangaichize.

M'kati mwa mimba muli nembanemba yopyapyala imene imakuta matumbo. Madokotala amatcha kutupa kwake kuti peritonitis, ndipo nthaŵi zambiri kumadza pamene thumbo labooka, monga mmene zimachitikira ndi tayifodi. Chodabwitsa nchakuti nembanembayi ingathe kutupa matumbo ali bwinobwino, mwa munthu amene dzulo lake anali kuŵedza kapena kukolola mpunga. Choyambitsa ndi kachirombo kotchedwa Streptococcus pyogenes, komwe kaja kamadzetsa zilonda zapakhosi ndi zapakhungu. Kamafika m'mimba podzera m'magazi, kapena, kwa amayi, podzera njira ya chiberekero. Ambiri mwa odwala nthendayi ndi amayi, ndipo amene angochira kumene ayenera kusamalidwa koposa.

Kodi achibale angasiyanitse bwanji? Wodwala kolera amatsegula madzi ambiri otuŵa, koma kaŵirikaŵiri thupi silitentha ndipo mimba siipweteka kwenikweni. Wodwala nthenda inayi amatentha thupi, mimba yake imauma gwa, salola kuikhudza, ndipo amagona duu osatembenuka. Akatsokomola, kapena bwato likagwedezeka ndi mafunde, amabuula. Kachiromboka kamatulutsa ululu umene umafooketsa kayendedwe ka magazi ndi kuwononga impso, kotero kuti munthu wamphamvu angathe kutsirizika m'masiku oŵerengeka.

Mankhwala alipo. Kachiromboka kamafa ndi penisilini, amene Alexander Fleming anatulukira m'chaka cha 1928, koma wodwala wotere amafunika mankhwala ndi madzi a m'mitsempha, ndiponso kaŵirikaŵiri opaleshoni, pakuti dokotala ayenera kutsimikiza kuti thumbo silinabooke ndi kuchotsa mafinya. Zimenezi zimachitikira ku Chipatala Chachikulu cha Zomba. Tsono achibale asadikire kuti kuche, asamutine mimba kapena kumupatsa zotsukira m'mimba. Apite naye ku chipatala chapafupi nthaŵi yomweyo, ndipo akafotokoze ngati anadwalapo pakhosi, ali ndi chilonda, kapena wangobereka kumene.