Khobidi Silikumbuka Kumene Linagwera

Mphunzitsi akayamba phunziro la mwayi m'masamu, ana a sekondale sachedwa kuligwira. Khobidi lili ndi mbali ziwiri, ya mutu ndi ya kumsana. Tsono likaponyedwa m'mwamba, mwayi wakuti pamwamba paoneke mutu ndiwo 1 mwa 2. Lamulo lake n'lapafupi: mwana awerenge njira zonse m'mene chinthu chingagwere, zikhale zolingana mphamvu, nafunse kuti zofunikazo n'zingati pakati pa izo.

Msampha uli patsogolo. Khobidi ligwe chamutu kasanu kotsatana, ndipo mphunzitsi afunse za ulendo wachisanu ndi chimodzi. Pamenepo ngakhale mwana wochenjera adzayankha kuti nthawi ya msana yakwana, monga ngati khobidilo lili ndi mangawa. Koma chitsulo chilibe maso kapena mtima; sichidziwa kuti chinaponyedwapo kale. Kunena zoona, mitu 6 yotsatana imachitika mwakamodzikamodzi, 1 mwa 64. Komatu mitu 5 yotsatidwa ndi msana nayonso ndi 1 mwa 64. Zisanu zoyambazo zikapita, chotsala ndi kuponya kumodzi kokha, ndipo mwayi wake ukali 1 mwa 2.

Kulakwa kumeneku kwasaukitsa akuluakulu omwe. M'chaka cha 1913, m'nyumba ya juga ku Monte Carlo, kampira kanagwera pakuda maulendo 26 otsatana. Anthu anaunjika ndalama pofiira, ali ndi chikhulupiriro chakuti kuda kwatopa, nataya chuma chambiri.

Nanga bwanji amati poponya kambirimbiri mitu imayandikira theka? John Kerrich, mphunzitsi wa masamu wa ku Johannesburg, anatsekeredwa m'dziko la Denmark pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndipo m'masiku aataliwo anaponya khobidi maulendo 10,000, napeza mitu 5,067. Mituyo inaposa theka ndi 67, koma 67 pakati pa 10,000 n'kanthu kochepa. Apa mpamene pagona nkhani. Khobidi silibweza ngongole. Kuchuluka kwa maulendo ndiko kumiza kusiyanako, monga mchere wa m'chikhatho usowa kukoma m'mtsuko wodzala madzi. Maulendo 10 oyamba akhale mitu yokhayokha, ndipo 1,000 otsatawo agawike pakati: mitu idzakhala 510 mwa 1,010, pafupi ndithu ndi theka, chinkana msana sunalipidwe kanthu.

Mawu okha sachotsa chikhulupiriro chotere. Nkwabwino kuti ana 40 aponye yense maulendo 25, nalembe m'kope zimene zagwa, motsatana. Pophatikiza zonse 1,000 pa bolodi adzaona theka likuyandikira. Atatero afunefune m'makope mwawo paliponse pamene mitu inatsatana katatu, nawerenge chimene chinagwa pambuyo pake: mitu ndi misana zidzapezeka pafupifupi zolingana.