Ulusi Wosakhazikika Umene Umagawa Maselo Athu

Thupi la munthu limayamba ndi selo limodzi, ndipo pofika pokhwima limakhala ndi maselo oposa 30 thiliyoni, onse obadwa mwa kugawikana. Ambiri akamva zimenezi amathamangira ku DNA, poti ndiyo imasunga malangizo a thupi. N'zoona, komatu DNA siyenda yokha. Imachita kunyamulidwa ndi kugawidwa, ndipo chimene chimagwira ntchito imeneyo ndi ulusi wa mapuloteni woyanga m'selo monse, umene asayansi amautcha cytoskeleton. Mphamvu ya ulusi umenewu siili m'kulimba kwake ayi. Ili m'kusakhazikika kwake, chifukwa umangokhalira kumangidwa ndi kuphwasulidwa.

Ulusiwu ulipo wa mitundu itatu. Woonda kwambiri ndi wa actin, puloteni imene Brunó Straub anaipeza m'minofu mu 1942 ku Szeged, m'dziko la Hungary. Umayalana pansi pa khungu la selo n'kulipatsa maonekedwe, ndipo selo loyera la m'magazi likamakwawa kulondola tizilombo, limamanga actin kutsogolo uku likumuphwasula kumbuyo. Wachiwiri, monga keratin wa pakhungu, umateteza selo kuti lisang'ambike. Wachitatu ndi timachubu totchedwa microtubule, topangidwa ndi puloteni ya tubulin, tonenepa mananomita 25 okha. M'selo la mtsempha, limene limatha kutalika pafupifupi mita kuchokera kumsana kukafika kuchala cha kuphazi, timachubuti ndito njira zoyendamo chakudya ndi zipangizo.

Pa nthawi yogawikana m'pamene luso lonse limaonekera. Selo limayamba lakopera makromozomu ake onse 46, omwe ndi timitolo ta DNA, kenako chikuta chimene chimawasunga chimasweka, ndipo timachubu timatuluka kumbali ziwiri za selo kulowera pakati. Palibe chimene chimauza kachubu kumene kromozomu ili. Mu 1984 Tim Mitchison ndi Marc Kirschner anaonetsa kuti kachubu kalikonse kamatalika pang'onopang'ono, kenako mwadzidzidzi n'kuyamba kufupika mofulumira, pamene kanzake pambali pomwepo kakutalikabe. Zimachitika ngati msodzi woponya mbedza: akalephera amakoka n'kuponyanso pena, mpaka nsomba itadya nyambo. Kachubu kamene kakola kromozomu kamakhazikika, tosakola timatha. Ndipo selo silipupuluma. Kromozomu imodzi yokha ikakhala isanagwidwe mbali zonse ziwiri, ntchito yonse imaima kudikira. Zonse zikagwidwa, timachubu timafupika n'kukokera theka uku theka uko, kenako mkombero wa actin ndi puloteni ina yotchedwa myosin umafinya selo pamimba mpaka kuliduka pawiri. Kulekanitsaku kukaphonyeka popanga dzira kapena umuna, mwana amatha kubadwa ndi makromozomu atatu a nambala 21, chimene ndi chiyambi cha Down syndrome.

Panali nthawi imene akatswiri ena ankakayikira ngati ulusiwu ulikodi. Walther Flemming, amene anafotokoza kugawikana kwa maselo mu 1882, anaona zambiri m'maselo akufa opakidwa utoto, choncho kunali koyenera kufunsa ngati mizere yoonekayo sinali chabe zotsatira za mankhwala oumitsira. Shinya Inoué anathetsa mkanganowo mu 1953 poonetsa ulusiwo m'maselo amoyo, ndipo anaonanso kuti selo likazizira umazimiririka, likatenthedwa umabwerera.

Funso lolemera kuposa limenelo ndi ili: kodi kumanga n'kumaphwasula si kuwononga mphamvu? Selo limalipiradi, chifukwa tubulin aliyense wolowa m'kachubu amadya mafuta ake otchedwa GTP. Wina anganene kuti chinthu cholimba, chomangidwa kamodzi, chikanagwira ntchito bwino koposa. Yankho lili m'chipatala. Vincristine, mankhwala a khansa ochokera ku duwa la ku Madagascar lotchedwa periwinkle, amaletsa timachubu kumangika, ndipo selo limalephera kugawikana. Apa palibe chodabwitsa. Koma paclitaxel, amene anapezeka m'khungwa la mtengo wa Pacific yew, amachita zosiyana kotheratu: monga anaonetsera Susan Horwitz ndi anzake mu 1979, amalimbitsa timachubu kuti tisaphwasuke. Kukanakhala kuti selo limafuna kulimba kokha, mankhwalawa akanalithandiza. M'malo mwake selo limakakamira panjira osamaliza kugawikana, kawirikawiri mpaka kufa.

Nkhaniyi si ya kutali ndi ife. Vincristine ali m'gulu la mankhwala amene ana odwala khansa ya Burkitt amalandira ku Malawi, ndipo paclitaxel amagwiritsidwa ntchito pa khansa ya Kaposi. Mavuto amene odwala amadandaula nawo amachokera pa ulusi womwewu. Tsitsi limathothoka chifukwa maselo a m'mizu yake amagawikana msanga ngati a khansayo, ndipo dzanzi la m'manja ndi m'mapazi limabwera poti njira za m'mitsempha zija zasokonekera. Ngakhale albendazole, amene ana amamwa wa njoka za m'mimba, amagwira pomwepo: amamatirira tubulin wa njokayo kwambiri kuposa wa munthu, timachubu ta m'matumbo mwake timalephera kumangika, ndipo njokayo imafa ndi njala m'mimba modzaza chakudya.