Mwana Akafuna Kuphunzira Vayolini

Ana athu masiku ano akuona ndi kumva zambiri zimene ife sitinazione pa ubwana wathu. Pa wailesi yakanema ndi pa lamya za m'manja amaona anyamata ndi asungwana a msinkhu wawo atapanira chida chamtengo pakati pa chibwano ndi pheŵa, nachiliza ndi uta mpaka khamu lonse kukhala chete. Chida chimenechi ndicho vayolini. Tsono tsiku lina mwana adzati, "Bambo, inenso ndifuna kuphunzira chimenechija." Kodi kholo liyankhe chiyani? Ena amakana msanga, poganiza kuti n'zachizungu ndiponso zotayitsa nthaŵi ya sukulu. Ena amavomera ndi chimwemwe nagula chidacho ndi ndalama zambiri, koma pakutha miyezi itatu chili pamwamba pa kabati, fumbi lokhalokha. Onseŵa ayankha asanadziŵe chimene mwanayo wapempha. Chotero tiyeni tione pamodzi chimene vayolini ili, m'mene iphunziridwira, ndi kumene ingafikitse munthu.

Chida cha nsambo zinayi

Kuliza nsambo ndi uta si nzeru yachilendo kuno kwathu. Makolo athu anali ndi kaligo, chida cha nsambo imodzi chokhala ndi kang'oma kokutidwa ndi chikopa, ndipo woliza ankayendetsa kauta pa nsamboyo kwinaku zala zikusintha mawu. Vayolini imalira mwa njira yomweyo, kungoti ili ndi nsambo zinayi zotchedwa G, D, A ndi E. Inu amene munaimbapo m'kwaya mudziŵa mtunda wochokera pa do kufika pa so. Umenewo ndiwo mtunda wa pakati pa nsambo iliyonse ndi inzake yoyandikana nayo, kuyambira pa G ya mawu otsika kukathera pa E ya mawu okwera.

Vayolini monga tiidziŵira lero inayamba kupangidwa kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1500. Mzinda wa Cremona ndiwo unatchuka ndi amisiri ake, monga banja la Amati, banja la Guarneri, ndi Antonio Stradivari amene anamwalira mu 1737. Mwa zida zoposa 1,000 zimene Stradivari anapanga, pafupifupi 650 zikalipo. Vayolini yake ina, yopangidwa mu 1721, inagulitsidwa mu 2011 pa mtengo wa mapaundi 9.8 miliyoni, ndipo ndalamazo zinakathandiza anthu amene anavutika ndi chivomezi ku Japan. Komatu kholo lisachite mantha ndi mitengo yotereyi, pakuti mavayolini a ophunzira amapangidwa m'mafakitale, ambiri ku China, ndipo mtengo wake ngwofikirika.

Vayolini imodzi ili ndi tizidutswa pafupifupi 70, ndipo thupi lake limamatidwa ndi guluu popanda msomali. Nsambo zimadutsa pa kamlatho kopyapyala kamene sikamatidwa konse, koma kamaima chifukwa nsambozo zikukapanikiza. M'kati muli kamzati konga chidutswa cha pensulo, kamene kamapereka kunjenjemera kwa thabwa lapamwamba ku thabwa lapansi. Kamzatika kakagwa, mawu amafooka. N'chifukwa chake posintha nsambo timachotsa imodzi imodzi, osamasula zonse pamodzi. Ndiponso mavayolini ali ndi misinkhu yake: 1/8, 1/4, 1/2, 3/4 ndi 4/4 ya akuluakulu. Ife makolo tinazoloŵera kugula yunifolomu yaikulu ndi kunena kuti adzakuliramo. Ndi vayolini zimenezo sizitheka, chifukwa chida chachikulu chimapinda mwana msana ndi kumpweteka mkono.

Ntchito ya dzanja lamanja

Uta ndi ndodo yopepuka imene amakungapo tsitsi la kumchira kwa kavalo. Tsitsi limeneli amalipaka utomoni wouma wa mitengo ya paini kuti lizigwira nsambo. Uta ukamayenda, tsitsilo limakoka nsambo ndi kuitaya, kuikokanso ndi kuitayanso, mofulumira kwambiri, kotero kuti nsambo ya A imanjenjemera maulendo 440 pa sekondi imodzi. Kunjenjemera kumeneko ndiko timamva ngati mawu.

Kukoma kwa mawuwo kumadalira zinthu zitatu: liŵiro la uta, kulemera kwa mkono pa uta, ndi malo amene uta ukuyendapo. Wophunzira akapanikiza kwambiri pamene uta ukuyenda pang'onopang'ono, vayolini imakwecha ngati chitseko cha dzimbiri. Akapepuza kwambiri, imangoimba kamluzu kopanda thupi. Uta uyenera kuyenda moongoka, mopingasa nsambo, pakati pa kamlatho ndi thabwa lakuda loikapo zala. Kunena n'kosavuta, koma mkono wa munthu mwachibadwa umayenda mozungulira, ndipo kuuphunzitsa kuyenda moongoka kumatenga miyezi. Mphunzitsi wabwino amayamba ndi nsambo zosagwidwa ndi chala, wophunzira ataima pa kalilole kuti adzione yekha.

Apa mpamene ana ambiri amagwera mphwayi. Miyezi yoyamba ndi ya phokoso, ndipo abale ake m'nyumba amaseka ndi kutseka makutu. Kholo lidziŵiretu kuti phokoso limenelo si chizindikiro chakuti mwana alibe mphatso. Aliyense amene timamva akuliza mokoma lero anadutsa momwemo.

Dzanja lamanzere ndi khutu

Pa limba, munthu akadina pa malo oyenera mawu amatuluka okonzeka kale. Pa gitala pali tizitsulo tolekanitsa mawu. Pa vayolini palibe chilichonse cha zimenezi. Thabwa loikapo zala n'losalala kuyambira kumwamba mpaka kumunsi, ndipo chala chikaphonya malo ake ndi mpata wonga wa kambewu ka mpunga, mawu asokonezeka kale. Aphunzitsi ambiri amamata timizere pa thabwalo kuti woyamba aone poika zala, koma timizereto tili ngati ndodo ya wodwala, imene amaitaya akachira. Chotsogolera chala ndi khutu. Woliza ayenera kuyamba wamva mawuwo m'mutu mwake chala chisanatsike, ndipo akaphonya ayenera kuzindikira yekha ndi kukonza nthaŵi yomweyo.

Pamenepa ana athu ali ndi chuma chimene sitichiŵerengera. Mwana amene wakula akuimba ndi anzake, wina mawu oyamba, wina achiŵiri, wina besi, khutu lake laphunzira kale kusiyanitsa mawu oongoka ndi okhota. Chotero mwana wofuna vayolini asachoke m'kwaya. Nyimbo iliyonse ayambe waiimba ndi pakamwa, ndipo pambuyo pake aifunefune pa nsambo.

Zina zimadza m'kupita kwa zaka: kusuntha dzanja kukwera ndi khosi la vayolini pofuna mawu apamwamba, ndi kugwedeza chala pang'ono kuti mawu amveke amoyo, kumene oimba amakutcha vibrato. Achinyamata amakonda kuthamangira zimenezi maziko asanalimbe. Koma woyamba asamale zinthu zapafupi: kuima moongoka, kutsamiritsa chida pa fupa la pansi pa khosi osachifinya ndi chibwano, kumasula mapeŵa, ndi kuŵenga zikhadabo. Chizoloŵezi choipa cha kagwiridwe chimaloŵa m'sabata imodzi, koma kuchichotsa kungatenge chaka. Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo n'chifukwa chake mphunzitsi woona mwanayo ndi maso amafunika kwambiri pachiyambi, ngakhale kamodzi pa mwezi. Maphunziro a pa intaneti amathandiza, koma kanema wojambulidwa kale sangaone kuti dzanja la mwana lapindika.

Gawo la kholo

Munthu amene anaganizira kwambiri za gawo la makolo pa maphunziro ameneŵa ndi Shinichi Suzuki wa ku Japan, amene anabadwa mu 1898 namwalira mu 1998. Bambo wake anali ndi fakitale ya mavayolini ku Nagoya, koma iye anayamba kuliza ali ndi zaka 17, ndipo pambuyo pake anakaphunzira ku Berlin. Suzuki anazizwa ndi chinthu chimene tonsefe timachiona tsiku ndi tsiku osachilabadira, chakuti mwana aliyense amaphunzira chinenero cha amayi ake, ngakhale chikhale chovuta chotani. Amachimva kosalekeza, amabwereza mawu amodzimodzi kambirimbiri, ndipo akalakwitsa palibe womukalipira. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, Suzuki anayamba kuphunzitsa ana aang'ono mumzinda wa Matsumoto mwa njira imeneyi. Ana ankamvetsera nyimbo asanaphunzire kuŵerenga zizindikiro zake, ndipo kholo linkakhala nawo m'kalasi kuti likathandize mwana kunyumba.

Ife amene timaphunzitsa ana a Sitandade 1 kugwira pensulo tikudziŵa kuti mfundo imeneyi njoona. Dzanja la mwana limaphunzira mwa kubwereza tsiku ndi tsiku. Mphindi 20 tsiku lililonse zimapindula koposa maola aŵiri pa Loŵeruka pokha. Kholo silifunika kudziŵa kuliza. Ntchito yake ndi kupatula nthaŵi yokhazikika, kukhala pansi ndi kumvetsera, kuletsa onyoza, ndi kuyamikira kanthu kamodzi kamene kayenda bwino tsikulo. Liphunzitsenso mwana kusamala chida: kumasula uta akatha kuliza, kupukuta utomoni ndi kansalu kouma, kusagwira tsitsi la uta ndi manja, ndi kusunga vayolini m'bokosi lake kutali ndi dzuŵa, moto ndi chinyontho cha nyengo ya dzinja.

Kodi n'za azungu ndi olemera okha?

Mbiri ikukana. Joseph Bologne, wodziŵika ndi dzina lakuti Chevalier de Saint-Georges, anabadwa mu 1745 pa chilumba cha Guadeloupe kwa mayi wakuda amene anali kapolo, koma anakhala katswiri wa vayolini ndi mtsogoleri wa gulu la oimba ku Paris. Kuno ku Africa, mu 1994 Armand Diangienda, amene anali woyendetsa ndege, anayambitsa gulu la Orchestre Symphonique Kimbanguiste ku Kinshasa. Oimba ake oyamba anali anthu wamba ochepa, obwerekana zida. Nsambo ikaduka ankaikapo waya wa mabuleki a njinga, ndipo zida zina anaphunzira kupala okha. Gululo linakula mpaka mu 2010 panatuluka kanema wosimba za iwo wotchedwa Kinshasa Symphony. Ku South Africa, mayi wa ku Britain dzina lake Rosemary Nalden anatsegula sukulu ya Buskaid mu 1997 ku Diepkloof, m'dera la Soweto, yophunzitsa ana a kumeneko zida za nsambo. Mmodzi wa ana oyamba a sukuluyo, Samson Diamond, anakapitiriza maphunziro ku Manchester, nabwerera kwawo kukatsogolera gulu la Odeion String Quartet ku Bloemfontein.

Phunziro lake ndi lakuti kumene chida chili chosoŵa, anthu amachigwirira pamodzi. Banja limodzi lingalephere kugula vayolini ndi kulipira mphunzitsi, koma mabanja asanu, kapena sukulu, angathe. Mutu umodzi susenza denga.

Kodi adzadya vayolini?

Funso limeneli kholo lililonse lili nalo mumtima, ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Oliza okha patsogolo pa khamu, oyenda maiko ndi kulandira ndalama zambiri, ndi oŵerengeka pa dziko lonse, ndipo pafupifupi onse anayamba ali aang'ono nalimbikira maola ambiri tsiku lililonse. Ochulukirapo amalembedwa ntchito m'magulu aakulu otchedwa okestra, monga a ku Cape Town ndi Durban. Gulu lalikulu lotere limakhala ndi oliza vayolini pafupifupi 30, koma mpata umapezeka mwa kamodzikamodzi, ndipo ofuna ntchito amapikisana, kaŵirikaŵiri akuliza kuseri kwa nsalu kuti oweruza amve luso lokha osaona nkhope. Wofuna njira imeneyi amakwera makwerero a mayeso, monga a bungwe la ABRSM la ku London, kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 8, asanapite ku koleji ya nyimbo.

Ntchito imene yadyetsa oliza ambiri ndi uphunzitsi, ndipo si yonyozeka. Antonio Vivaldi, amene nyimbo zake zikumvekabe mpaka lero, analembedwa mu 1703 kukaphunzitsa vayolini pa nyumba yolerera ana amasiye ndi otayidwa ku Venice, ndipo asungwana a pa nyumbayo anadziŵa kuliza kotero kuti alendo ochokera maiko ena ankadza kudzawamva. Ena amapeza ndalama poliza pa maukwati ndi m'mahotela, kapena pojambulitsa nyimbo pamodzi ndi oimba ena. Palinso umisiri wokonza zida, umene mnyamata kapena msungwana wa dzanja la ukalipentala angauphunzire.

Komabe tikulangiza achinyamata kuti vayolini iyende pamodzi ndi sukulu, osailoŵa m'malo. Albert Einstein anayamba kuliza ali mwana ndipo vayolini inakhala bwenzi lake mpaka ukalamba, koma ntchito yake inali ya sayansi. Ambiri mwa ophunzira adzakhala anamwino, alimi, aphunzitsi ndi amalonda, ndipo zaka zimene anataya pa nsambo sizidzakhala zitapita pachabe. Adzakhala ataphunzira kumva cholakwa chawo asanauzidwe, kubwereza chinthu chovuta mpaka chitatheka, ndi kumvetsera anzawo poimba pamodzi.

Tsono mwana akadza ndi pempho lake, musakane msanga ndipo musathamangire kusitolo. Yambani mwafunafuna mphunzitsi, pakuti iye ndiye adzanena msinkhu wa chida choyenera. Ngati n'kotheka bwerekani chida poyamba. Kenaka khalani pansi ndi mwanayo, mumuuze za miyezi ya phokoso imene ili patsogolo, ndipo mupangane kuti adzayesa chaka chathunthu asananene kuti zamkanika. Inunso anyamata ndi asungwana, mukalonjeza chaka chimenecho chisungeni, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.